Funsani Anamwino: Bwanji Wobwera Pambuyo Amayamba Kuthandizidwa ku Casualty?

Makalata ambiri amene afika mwezi uno akukamba za malo amodzi, chipinda cholandirira odwala mwadzidzidzi ndi ovulala pangozi, chimene ambirife timangochitchula kuti ku Casualty. Ndasankhapo asanu. Monga mwa chizolowezi cha tsamba lino, mayina a olemba ndi a zipatala zimene akuzidandaula tawachotsa, ndipo makalata ena tawafupikitsa. Ine ndinagwira ntchito ya unamwino m'zipatala za boma mpaka pamene ndinapuma, ndipo zaka zambiri ndinazithera pakhomo lomweli, choncho zimene mwalembazi si zachilendo m'makutu mwanga.

FUNSO

Anamwino, mwezi watha mayi anga, a zaka 68, anayamba kudandaula mutu waukulu ndi chizungulire chakumadzulo, ndipo popeza amadwala BP tinachita hayala galimoto n'kuthamangira nawo kuchipatala chachikulu. Tinafika cha m'ma 7 koloko usiku, koma dokotala anawaona itadutsa 11 koloko. Nthawi yonseyi tinali pa benchi, ndipo ndinaona ndi maso anga anthu atatu amene anatipeza akulowetsedwa ife tisanalowe: mnyamata amene anabwera naye pa machira magazi ali chuchuchu, mwana wa kumsana, ndi bambo wina wovala bwino amene anafika akuyenda yekha. Nditapita kukafunsa, namwino anandiyankha maso ali pa foni kuti, "Kodi odwala ndi inu nokha? Tsiku lonseli munali kuti?" Mayi anagonekedwa masiku atatu ndipo pano akupezako bwino, koma akunenetsa kuti kuchipatala kumeneko sadzapondakonso, ngakhale kukatenga mankhwala awo a BP. Kodi kumeneku si kukondera?

Mwana wawo wamkazi, chigawo chapakati

YANKHO

Mayi, pepani chifukwa cha usiku umene munauona, ndipo tithokoze kuti mayi athuwo akupezako bwino. M'kalata yanu muli nkhani ziwiri zimene zalukana, ndipo ndikufuna tizimasule, chifukwa pa imodzi ndiikira kumbuyo chipatala, pomwe pa inayo ndili kumbali yanu mosapsatira mawu.

Yoyamba ndi ya mzere. Kuchigayo, pamjigo kapena kubanki, woyamba kufika ndiye woyamba kuthandizidwa, ndipo ndicho chilungamo chimene tonse tinakulira nacho. Ku Casualty lamulo limenelo likhoza kupha munthu. Kumeneko odwala amasanjidwa poona kuti ndani angataye moyo msanga akapanda kugwiridwa, njira imene azachipatala amaitcha triage. Kawirikawiri magulu amakhala atatu. Ofiira ndi amene moyo wawo uli pachiswe moti amayenera kugwiridwa nthawi yomweyo. Achikasu ndi odwalika amene sayenera kukhalitsa. Obiriwira ndi amene angathe kudikira popanda chiopsezo, ngakhale akumva kupweteka ndithu.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti njira yosanjira ana odwala imene mayiko ambiri a mu Africa akuitsata lero inakhwimira kwathu konkuno, kuchipatala cha Gulupu ku Blantyre. M'chaka cha 2001, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anakonzanso kalandiridwe ka ana kumeneko, n'kuphunzitsa ogwira ntchito kuti mwana aliyense aziunikidwa akangofika pakhomo, ndipo wodwalika azidumpha mzere. Kale mwa ana 100 alionse ogonekedwa, pakati pa 10 ndi 18 ankamwalira, koma zinthu zitasintha chiwerengerocho chinatsika kufika pakati pa 6 ndi 8. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa maphunziro a njira imeneyi, otchedwa ETAT, m'chaka cha 2005, ndipo m'chaka cha 2011 chipatala chomwechi chinatsegula malo apadera olandirira akuluakulu odwala mwadzidzidzi ndi ovulala. Ndikutchula zimenezi kuti muone kuti kudumphitsa wodwalika pamzere si mwano, koma ndi nzeru imene inapezeka ana ambiri atafera kale kumsana kwa amayi awo akudikira nthawi yawo.

Choncho mnyamata wa pa machira uja anayenera kuyamba. Mwana wa kumsanayo mwina ankabanika, mwina anali atakomoka, kapena anali khanda losakwana miyezi iwiri, limene matenda amaligwetsa mofulumira kuposa mwana wamkulu. Za bambo wovala bwino uja sindingaweruze ndili kuno. Munthu amene mtima wake ukufuna kuima amatha kufika akuyenda yekha atangogwira pachifuwa, chimodzimodzinso womwa tameki kapena wolumidwa ndi njoka. Komabe sindikunamizani, kukondera kulipo. Ndinaonapo achibale a ogwira ntchito ndi mabwana ena akulowera khomo la kuseri pomwe agogo ochokera kumudzi ali chigonere pansi, ndipo pamene zatero palibe dzina lina loti tizitchule koma tsankho.

Funso limene ndikanakonda kukufunsani ndi ili: kodi mutangofika, alipo amene anawayeza mayiwo BP ndi kuwafunsa zimene akumva? Munthu wa zaka 68 wodwala BP amene wayamba mutu waukulu ndi chizungulire mwadzidzidzi akhoza kukhala kuti ali pafupi kuchita sitiroko, ndipo palibe namwino amene angadziwe gulu lake pongomuyang'ana chapatali. Ngati anayezedwa n'kupezeka kuti angathe kudikira, ndiye kuti dongosolo linayenda, ngakhale maola anayi ndi ambiri. Ngati sanayezedwe konse, ndiye kuti chipatala chinalakwa, chifukwa kusanja odwala kumayamba ndi kuwaunika onse, osati okhawo amene akuoneka magazi. Kuwonjezera apo, wodikira amayenera kuonedwanso pakapita nthawi, popeza munthu wobiriwira amatha kusanduka wofiira ali pa benchi pomwepo.

Tsopano tibwere ku nkhani yachiwiri, ya mawu aja. Pamenepo palibe chimene ndingamuikire kumbuyo namwinoyo. Foniyo mwina ankaimbira dokotala kapena kufunsa za magazi ku labu, chifukwa masiku ano ntchito zambiri zachipatala zikuyendera pa foni, koma ngakhale zikanakhala choncho, kudzutsa mutu n'kukuyang'anani sikukanamutengera mphindi.

Funso lakuti "tsiku lonseli munali kuti" ndimalidziwa bwino, chifukwa tsiku lina linatulukapo pakamwa panga. Unali usiku wa dzinja cha m'ma 2 koloko, ine nditatopa, pamene mayi wina analowa ndi mwana wa zaka zitatu thupi lili moto, akukomokakomoka ndi malungo. Ndikumulasa mwanayo singano ya dilipi ndinafunsa funso limeneli mokalipa. Mayiyo sanandibwezere mawu. Anangoyankha chapansipansi kuti ananyamuka dzuwa lisanalowe, koma anapeza mtsinje utadzaza, ndipo anakhala tsidya kudikira kuti madzi aphwe. Apo m'pamene ndinayang'ana pansi n'kuona kuti chitenje chake chinali chonyowa mpaka m'chiuno, matope ali m'miyendo, patapata ali ku phazi limodzi lokha. Mwanayo anachira, koma nkhope ya mayiyo sinandichokebe, ndipo kuyambira usiku umenewo ndinaphunzira kuti funso lofunika kwa wachipatala ndi lakuti "matendawa anayamba liti," chifukwa yankho lake limathandiza kupereka mankhwala oyenera, pomwe linalo limangomusenzetsa mlandu munthu amene wabwera kale ndi mantha.

Taonani zimene mawu aja abala kunyumba kwanu: mayi akukana kukatenga mankhwala a BP. Ichi ndicho chikundidetsa nkhawa kuposa zonse. BP siichira ngati malungo, imangogonekedwa ndi mankhwala a tsiku ndi tsiku, ndipo munthu akawasiya imakwera mwakachetechete mpaka tsiku limene mbali imodzi ya thupi idzafa. Musalimbane nawo za chipatala chimene akuchikanacho. Tengani buku lawo la kuchipatala, mupite nawo kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwanu kapena cha mishoni, mukafotokoze kuti mukufuna azilandirira mankhwala kumeneko, ndipo muchite zimenezi mapiritsi amene ali nawo asanathe.

Pomaliza, kwa inu ndi owerenga ena, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mukafika ku Casualty musangokhala phee pa benchi chifukwa cha ulemu. Pitani kwa namwino mukanene chizindikiro chenicheni m'mawu ochepa, osati mbiri yonse ya matendawo. Nenani kuti akubanika, wakomoka, sakuyankha, akutaya magazi kwambiri, kamwa lapindika, mkono wafooka ndipo mawu sakumveka, akumva kupweteka pachifuwa ndipo thukuta lili kamukamu, kapena kuti mwana sakuyamwa ndipo maso alowa. Mawu oterewa wachipatala aliyense wophunzitsidwa bwino amawamva msanga. Wodwala akasintha muli kudikira, bwererani mukanenenso, ngakhale atakuyang'anani ndi diso loipa.

FUNSO

Anamwino, ine ndimayendetsa njinga yamoto ya kabaza. Tsiku lina ndinapeza mnzanga atagundidwa ndi galimoto imene inathawa, mwendo utathyoka, mutu ukutuluka magazi. Tinamutengera kuchipatala cha boma, koma munthu amene tinamupeza pakhomo anati tiyambe takatenga kalata ya kupolisi. Ndinathamanga kupolisi n'kubwera patadutsa ola, ndipo ndinapeza mnzanga akadali pomwe ndinamusiya. Kodi lamulo limeneli n'loona?

Wakabaza, chigawo chakummwera

YANKHO

Achimwene, choyamba ndikuthokozeni chifukwa chosamulambalala mnzanuyo, poti ambiri masiku ano amayamba kujambula ndi foni m'malo monyamula wovulala. Kalata ya kupolisi ili ndi ntchito yake. Wachipatala amalembapo mabala amene wawapeza, ndipo imakhala umboni kukhoti kapena ku kampani ya inshuwalansi, choncho mnzanuyo idzamuthandiza ndithu akamadzafuna chipukuta misozi. Koma kalatayo ndi ya mlandu, ndipo mlandu suola, pomwe magazi akamataika sadikira chidindo. Munthu wothyoka mwendo amene wavulalanso m'mutu ayenera kuunikidwa nthawi yomweyo, kalata n'kutsatira pambuyo. Gawo 16 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza moyo wa munthu aliyense, ndipo malamulo a ntchito ya udokotala ndi unamwino salola kumusiya munthu wovulala chonchi chifukwa cha pepala.

Mwati amene anakubwezani ndi munthu amene munamupeza pakhomo. Kawirikawiri ameneyo amakhala mlonda kapena kalaliki, amene anangomva kuti za ngozi zimafuna kalata n'kulisandutsa lamulo lachitsulo. Zikadzachitikanso, musachoke. Nenani mwaulemu koma molimba kuti mukufuna kuonana ndi namwino wamkulu wa pa shifiti kapena dokotala amene ali pa ntchito, ndipo wina apite kupolisi wovulalayo atayamba kale kuthandizidwa.

Popeza anzanu a kabaza ndinu amene mumafika msanga pa ngozi zambiri, sungani izi. Pamene pakutuluka magazi dindikizani mwamphamvu ndi nsalu yoyera ndipo musamasulemasule kuti muone. Ponyamula wovulala gwirani mutu ndi khosi kuti zisapindike, chifukwa fupa la m'khosi likakhala kuti lathyoka, kunyamula mosasamala kungamupuwalitse moyo wake wonse. Musamupatse madzi kapena chakudya ngakhale apemphe, poti mwina afunika kupita ku fiyeta. Ngati n'kotheka, wovulala chonchi apite pa galimoto atagona, osati pa njinga atamupanikiza pakati.

FUNSO

Amayi, ine ndine namwino, ndipo ndagwira ntchito ku Casualty zaka zitatu. Zimandipweteka kuti pa wailesi ndi pa Facebook anthu amangotinena kuti ndife ankhanza. Usiku timakhala awiri, odwala osachepera makumi anayi, makina oyezera BP amodzi, nthawi zina magolovesi atha, ndipo ndalama za lokamu, zimene timalipidwa tikagwira mashifiti owonjezera, timazidikira miyezi. Kumapeto kwa mwezi timalandira oledzera amene amatitukwana, ndipo sabata yatha gadiyani wina anandikoka yunifolomu n'kundiopseza kuti andijambula. Ndinalowa ntchitoyi ndikuikonda, koma pano ndimadzimva kuti mtima wanga wauma. Kodi anthu amafuna tichite chiyani?

Namwino wotopa, chigawo chakumpoto

YANKHO

Mwanangu, kalata yako ndaiwerenga kawiri, ndipo palibe chimene wanena chimene ndingachitsutse. Bungwe la WHO limawerengera kuti dziko lifunika madokotala, anamwino ndi azamba oposa anayi pa anthu 1,000 alionse kuti anthu athandizike mokwanira, pomwe kuno kwathu sitinafike ngakhale pa mmodzi. M'chaka cha 2001, atsogoleri a mayiko a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti 15 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti izipita ku zaumoyo, koma zaka zambiri dziko lathu silifikapo. Chopweteka kwambiri n'chakuti achinyamata amamaliza maphunziro a unamwino n'kukhala kunyumba kudikira kulembedwa ntchito, pomwe iwe ukugwira ntchito ya anthu asanu. Zonsezi si iwe unazipanga, ndipo amene amatukwana anamwino osatchulako amene amagawa ndalama za dziko akungokwapula mthunzi.

Komabe wandifunsa chimene anthu amafuna, ndipo ndikuyankha monga mayi wako pa ntchitoyi. Anthu ambiri amene amatuluka ku Casualty atakwiya sakwiyira kudikira kwenikweniko, chifukwa Mmalawi amadziwa kudikira. Chimene chimawapweteka ndi kudikira mumdima, osadziwa ngati aonedwa kapena aiwalika, pomwe m'bale wawo akubuula pambali pawo. Gadiyani amene wakhala maola atatu popanda womuuza kanthu amayamba kudzipangira yekha nkhani m'mutu, ndipo nkhani imene amapanga ndi yakuti anamwino akucheza kapena akufuna ndalama. Iwe ukudziwa kuti kuseri kwa katani mukulimbana ndi munthu amene mtima wake waima, koma iye sakuona zimenezo.

Chimene chinandithandiza ine ndi ichi. Pakapita nthawi ndinkatuluka n'kuima pakhomo, n'kunena mokweza kuti, "Makolo anga, pepani, tilipo awiri okha ndipo mkatimu muli anthu atatu amene ali pakati pa moyo ndi imfa. Sitinakuiwaleni. Ngati wodwala wanu wayamba kubanika, wakomoka kapena wasiya kuyankha, bwerani mundiuze msanga." Mawu amenewa satha mphindi imodzi, koma ndinkaona mapewa a anthu akutsika, ndipo kangapo konse anthu a pa benchi eni ake ndiwo ankaloza kuti, "Asisitala, yambani mwaona agogo awa, ife tidikira." Pamenepo magadiyani amasanduka maso ako m'malo mokhala adani ako. Tchulanso dzina lako kwa wodwala, um'patse moni, ukoke katani usanamuvule, ndipo wachikulire um'tchule amayi kapena abambo ngakhale atabwera ndi nsanza, ngakhale atabwera ataledzera. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limati ulemu wa munthu sungaphwanyidwe, ndipo silinapatule woledzera, womwa tameki kapena mtsikana amene wabwera akutaya magazi atachotsa mimba. Anthu atatu amenewa ndiwo ndinaona akulandira mawu owawa kuposa ena onse, pomwe ndiwo amafika mtima utasweka kale.

Za kukokedwa yunifolomu, usazilekerere. Lemba lipoti, ulipereke kwa metironi, mkulu wa anamwino, ndipo ngati munthu wakumenya kapena kukuopseza, imeneyo ndi nkhani ya kupolisi. Kujambula m'chipinda cha odwala n'kulakwiranso odwala ena amene ali m'menemo, ena ali chovula. Zosowa za pa ntchito uzizilemba m'buku la shifiti tsiku lililonse, chifukwa tsiku limene munthu adzafere pa benchi, chimene chidzakuteteze ndi cholembedwa. Madandaulo a lokamu ndi kuchepa kwa antchito muziwapititsa pamodzi kudzera ku bungwe lanu la anamwino ndi azamba la NONM, poti mutu umodzi susenza denga.

Mawu ako akuti mtima wauma ndawamva, ndipo sindikuwapeputsa. Kumeneko ndi kutopa kwa mkati kumene kumagwira anthu oona imfa tsiku ndi tsiku, ndipo sikutanthauza kuti ndiwe woipa. Tenga tchuthi chako chikakwana, usachigulitse chonse ndi lokamu. Peza mnzako wa pa ntchito kapena mlangizi woti uzimukhuthulira za kukhosi, ndipo ngati zikupitirira, pempha kuti akusinthe wodi kwa miyezi ingapo. Kuchita zimenezo si kugonja, ndipo n'kwabwino kuposa kudzazindikira kuti wasanduka namwino amene unkadana naye uli pasukulu.

FUNSO

Anamwino, wogwira ntchito wina anandinong'oneza kuti ndikamupatsa "ya fanta" mkazi wanga aonedwa msanga. Ndinapereka chifukwa cha mantha. Kodi ndinalakwa?

Bambo wa ana anayi

YANKHO

Bambo, mantha anuwo ndikuwamvetsa, ndipo wolakwa wamkulu ndi amene anapezerapo mwayi pa mantha amenewo. Koma dziwani kuti chithandizo cha ku Casualty m'zipatala za boma n'chaulere, kupatula mbali yolipira imene munthu amasankha yekha, ndipo kumeneko ndalama imaperekedwa kwa kashiya n'kulandira lisiti. Ndalama iliyonse yolowa m'thumba la munthu ndi ziphuphu, ndipo lamulo lothana ndi katangale limagwira wolandira ndi wopereka yemwe. Choipa chake chenicheni n'chakuti malo amene munagulawo anali a munthu wina, mwina wodwalika kuposa akazi anu, amene analibe choti apereke. Nkhaniyi kaitule kwa mkulu wa chipatalacho kapena ku bungwe la Anti-Corruption Bureau, mukafotokoze tsiku, nthawi, ndi kuti ndalamayo inachita kupemphedwa.

FUNSO

Anamwino, mchimwene wanga anamwalira ku Casualty miyezi iwiri yapitayo. Anafika akubanika, anamugoneka pa machira m'khonde, ndipo anatiuza kuti tidikire panja. Patapita maola awiri ndinasuzumira n'kuona atamufunditsa kale nsalu kumutu. Palibe amene anabwera kudzatiuza, ndipo nditafunsa anangoti, "Kapezeni galimoto kapena apite ku mochale." Mpaka lero sitikudziwa chinamupha n'chiyani, ngakhale kuti anapatsidwa mpweya kapena ayi. Achibale akuti tingozisiya m'manja mwa Mulungu, chifukwa tikadandaula adzatizonda tikadzapitanso. Ine mtima sukuvomera. Ndipite kuti?

Wolira mbale wake

YANKHO

Bambo, pepani kwambiri ndi zovutazi, ndipo mupepeseko alamu anu ndi ana. Kumva za imfa ya mbale wako poona nsalu ili kumutu ndi chinthu chimene munthu aliyense sayenera kukumana nacho. Ngakhale achipatala atachita zonse zotheka ndipo Chauta n'kutenga munthu wake, ntchito yawo simathera pomwepo. Amayenera kuitana achibale, kuwakhazika pansi pamalo oduka mphepo, kuwauza mwaulemu kuti wodwala watisiya, kufotokoza zimene anayesa, ndi kuwapatsa mpata woti aone thupi asanakambe za mochale. Kwathu kuno ngakhale uthenga wa maliro uli ndi kaperekedwe kake, ndipo chipatala sichili kunja kwa mwambo umenewo.

Sindingakuuzeni kuti achimwene anu akanapulumuka, chifukwa kubanika kumabwera ndi matenda ambiri, ena oti ngakhale mpweya utaperekedwa msanga munthu amapitabe. Chimene ndinganene motsimikiza n'chakuti muli ndi ufulu wodziwa chimene chinachitika, ndipo kufunsa sikutsutsana ndi kusiya zinthu m'manja mwa Mulungu.

Yambani ndi kulemba zonse lero lomwe, zisanayambe kuiwalika: tsiku, nthawi imene munafika, nthawi imene munaona thupi, mawu amene ananenedwa, ndi mayina a anthu amene munali nawo. Ngati dzina la wogwira ntchito simukulidziwa musadandaule, chifukwa chipatala chimasunga ndandanda wa amene anali pa shifiti usiku uliwonse. Buku la kuchipatala la malemuwo lisungeni bwino, ndipo aliyense akalifuna mum'patse fotokope. Kenako pitani kwa Ombudsman wa pachipatalapo. Maofesi amenewa anayamba kukhazikitsidwa m'zipatala m'chaka cha 2018, mogwirizana pakati pa ofesi ya Ombudsman ndi unduna wa zaumoyo, ndipo ntchito yawo ndi kulandira madandaulo ngati anuwa kwaulere. Mukapereke dandaulo lolemba, musunge kope yanu, ndipo mukapemphe kuti akukonzereni mkumano ndi dokotala amene angatsegule failo ya malemuwo n'kukufotokozerani m'Chichewa chomveka.

Ndikudziwa kuti ena sawakhulupirira maofesi amenewa poti ambiri mwa owayendetsa ndi antchito a unduna womwewo, ndipo nkhawa imeneyo ili ndi maziko. N'chifukwa chake pali makomo ena. Mungathe kulembera mkulu wa chipatala chachikulu, kapena mkulu wa zaumoyo m'boma lanu ngati chili chipatala cha paboma. Ngati dandaulo likukhudza namwino, bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi lili ndi mphamvu yofufuza ndi kulanga, mpaka kulanda chiphaso cha ntchito. Likakhudza dokotala, clinical officer kapena medical assistant, pitani ku Medical Council of Malawi. Pamwamba pa onsewa pali ofesi ya Ombudsman wa dziko, imene inakhazikitsidwa ndi malamulo aakulu ndipo sili pansi pa unduna wa zaumoyo. Mukadzaona kuti nkhaniyi ikufunika khoti koma ndalama ya loya palibe, a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu otere.

Za mantha a achibale, sindinganene kuti n'zopanda pake, chifukwa m'madera ambiri chipatala n'chimodzi chokhacho ndipo anthu amadziwana. Koma pa zaka zanga zonse ndinaona kuti banja limene ladandaula mwadongosolo, polemba ndi mopanda kutukwana, limasamalidwa kwambiri likabweranso, osati kuzondedwa, ndipo dandaulo lolembedwa ndilo limakakamiza akuluakulu kufunsa chifukwa chimene munthu wobanika anagonekedwera m'khonde. Mwina yankho lidzakhala lakuti masilinda a mpweya anali atatha, mwina lakuti wina ananyozera ntchito yake, ndipo zonse ziwirizi n'zofunika kuti zidziwike.

Tsiku la mkumanolo musapite nokha. Tengani munthu wamkulu wodekha wa m'banja mwanu amene angathe kumalemba zimene zikunenedwa, komanso alamu anu ngati mtima wawo ungalole, chifukwa iwo ndi amene adzayenera kuwafotokozera ana akamadzafunsa za bambo awo. Mafunso anu muwalembe papepala musanalowe, ndipo loyamba likhale lomwe mwandifunsa ineli, lakuti kodi achimwene anu anapatsidwa mpweya kapena ayi, ndipo inali nthawi yanji. Mukakamva zimene akakuyankheni, mudzandilemberenso.